Phiri la Mulanje: mmene tidalipezera ndi amene akulisamala lero

Adzukulu anga, senderani kuno ndikuuzeni za phiri lathuli monga tidalipezera ife, chifukwa ambiri a inu mudabadwa litayamba kale kuyera m'mbali ndipo mumayesa kuti ndi mmene Chauta adalilengera. Nkhani yanga ikupita ku ntchito ya bungwe lija la Mulanje Mountain Conservation Trust, limene ena mumangomva dzina lake pa wailesi kapena kuona anyamata ake akukwera ndi makasu nyengo yachisanu. Koma ndidzera njira yaitali, pakuti amene sadaone chimene chidatayika sangamvetse chifukwa chake anthu akuvutika kuchibweza. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Ife tidakulira m'tsinde mwa phiri, mbali ya ku Likhubula, masiku amene msewu wa ku Phalombe udali fumbi lokhalokha m'chilimwe ndi matope ofika m'mawondo m'dzinja. Makolo a amayi anga adali Alhomwe amene adawoloka Ruo ndi Muloza kuthawa msonkho ndi mbalamatodya ya Apwitikizi, ndipo pofika kuno adapeza Amang'anja ndi Ayao atakhazikika kale, azungu nawo atayamba kubzala tiyi, poti tiyi wa ku Mulanje adayamba cha m'ma 1891. Malo abwino onse a mbali ya kummwera, kumene mvula siduka, adali atapita ku minda ya tiyi, ndiye obwerawo ankapatsidwa kadera komanga nyumba, malipiro ake thangata. Anganga ankati akatchula mawu amenewa, ankayamba ayang'ana uku ndi uku ngati kapitawo akadali pafupi. Amene adatopa ndi thangata adasunthira m'mphepete mwa phiri, kwa a Mkanda, kwa a Mabuka, kwa a Njema, ena mpaka kuseri kwa a Mkhumba ndi a Nazombe, ndipo phiri ndilo lidawalera.

Ndikati lidawalera ndikunena zakudya ndithu. Chimanga chidalipo, koma nsima imene inkatigoneka masiku ambiri idali ya makaka, chinangwa choyanika padzuwa mpaka kuda, ndiwo zake nandolo kapena chigwada chosinja bwino. Kalongonda ankaphikidwa tsiku lathunthu, madzi ake kutaya, kuthira ena, kutayanso, chifukwa wophika mothamanga ankaledzeretsa banja lonse. Nkhokwe zikayamba kulira, cha mu Novembala ndi Disembala, masuku ankakhala akupsa m'nkhalango ya m'munsi, ndipo ana tinkadzuka mbandakucha ndi madengu kukatola ogwa usiku anyani asadatitsogolere. Mvula ikakhazikika kunkatuluka bowa, utale ndi manyame, amayi n'kufutsa wina kuti adzathandize m'chilimwe. M'timitsinje tinkagwira nkhanu potembenuza miyala. Nsungwi za malichero, udzu wofolerera, masache, luzi, mankhwala a m'mimba ndi a mutu, zonse zinkatsika m'phiri. Pa njala ya 1949 ine ndidali kamwana, koma ndikukumbukira akuluakulu akubwera madzulo ndi mpama wokumba m'nkhalango, n'kuuviika m'madzi oyenda kuti ululu uchoke. Midzi ya kutali ndi phiri idaika maliro ambiri chaka chimenecho kuposa ife.

Nanga madzi? Muwerenge nokha mitsinje yobadwira pamwamba apo: Likhubula, Thuchila, Lichenya, Ruo, Muloza, Sombani, Phalombe, osanena timakhwawa tosawerengeka timene aliyense ankatitchula ndi dzina la mudzi wake. Thuchila ndi Lichenya amakathira mu Ruo, Ruo n'kukapeza Shire ku Chiromo, pamene Phalombe ndi Sombani amalowera kumpoto, kuchigwa cha nyanja ya Chilwa. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Likhubula ankayendabe ndi madzi oyera oti uone mchenga pansi, ozizira mpaka mano kuwawa. Mu Juni ndi Julayi kunkabwera chiperoni, kamvula kaufa kosatha masiku atatu kapena anayi, phiri lonse litabisala, ife titaunjikana pamoto tikuwotcha mbatata. Nkhungu imeneyo inkakodwa m'masamba ndi mu ndere za m'mitengo ya pamwamba, n'kumadontha pansi usiku ndi usana, kulowa m'nthaka yakuda yofewa, n'kudzatulukira m'akasupe miyezi itapita. Phiri la mitengo lili ngati denga la udzu, limene limadonthabe pang'onopang'ono mvula italeka kale. Phiri lometedwa ndi denga la malata, madzi onse amatsika nthawi imodzi ndi phokoso, kenako gwaa, kuuma.

Tsono chimene chinkasunga zonsezi masiku amenewo adali mantha. Phiri lidali ndi eni ake, mizimu ya makolo, ndipo munthu sankangolowamo ngati akulowa m'munda mwake. Pokwera sunkatukwana, sunkadandaula kuti njira yatalika, sunkaloza chala chilichonse chachilendo. Ankatiuza kuti ukatopa ndi njala ukhoza kupeza chakudya chokonzedwa bwino pathanthwe, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, ndipo lamulo lake lidali lakuti udye wekha mwakachetechete, osaitana mnzako, osatengako kupita nacho kumudzi. Wophwanya lamulo ankazungulira malo amodzi mpaka mdima, ena osabwereranso. Ku Sapitwa, nsonga ija imene masiku ano amati ndi yotalika mamita 3,002, kudalibe wa m'mudzi mwathu amene ankalota zopitako. Ankasimbanso za Amwandionerapati, anthu aafupi okhala ndi mauta, amene ukakumana nawo n'kukufunsa kumene wawaonera, unkayenera kuyankha kuti wawaonera kutali. Mvula ikachedwa, akuluakulu ankapita ndi ufa ndi mowa wamasese kukathira nsembe, ndipo pa Dziwe la Nkhalamba, pamene lero mumakasambira ndi kujambulitsa pa Khirisimasi, ife tinkadutsa mwaulemu, mawu ali pansi.

Mukhoza kunena kuti zidali nthano zoopsezera ana. Ine ndidabatizidwa kalekale ndipo sindikukuuzani kuti mukathire nsembe. Chimene ndikudziwa n'chakuti mtengo wa pa kasupe sunkadulidwa, mkuyu ndi mbawa za m'mbali mwa mtsinje zinkafa ndi ukalamba, ndipo woyatsa moto m'nkhalango ya kumanda ankalipira mbuzi kwa amfumu. Galu wamkota sakandira pachabe.

Pamwamba penipeni, kumene kumazizira mpaka madzi kuundana m'mapoto usiku, ndiko kunkamera mkungudza. Mtengo umenewu sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi koma pa Mulanje pokha. Udali wautali, wowongoka, nthambi zili kumwamba, ndere zotuwa zikulendewera, ndipo ukalowa m'nkhalango yake ku Chambe, ku Lichenya kapena ku Sombani, fungo linkakulonjera usadauone. Thabwa lake chiswe sichidya, madzi saliwoletsa msanga, n'chifukwa chake chitseko cha mkungudza chinkasiyidwa ngati chuma cha masiye. Mzungu wina wodziwa za zomera, Alexander Whyte, adakwera phirili mu 1891 n'kutengako nthambi zake, ndipo zaka zochepa zitapita boma la atsamunda lidayamba kucheka mtengowu kuti limangire nyumba zake. Mu 1927 bomalo lidalengeza kuti phiri ndi nkhalango yotetezedwa ya boma. Kuyambira pamenepo mwini phiri adakhala wa yunifolomu, ndipo mayi wotola nkhuni adayamba kufunsidwa chiphaso m'dziko la makolo ake.

Malume anga adali mmodzi wa ocheka matabwa, ndipo ntchito imeneyo ndidaiona ndi maso. Ankakumba dzenje, n'kuika mitanda pamwamba, n'kugubuduzira chipika pamenepo. Ankatenga chingwe choviika m'makala osinja ndi madzi, kuchikoka n'kuchimenyetsa pachipika kuti chisiye mzere wakuda. Kenako wina pamwamba, wina m'dzenje, sowo yaitali ikukwera ndi kutsika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, wa m'dzenje utuchi uli m'maso ndi m'tsitsi, akuimba kuti manja agwirizane. Ankagona komweko milungu, m'misasa ya makungwa, ufa ndi nyemba atanyamula kumudzi. Matabwa ankatsika pamutu. Munthu ankapinda nkhata, kusenza thabwa lalitali kuposa iye kawiri kapena katatu, n'kumatsika wopanda nsapato pamiyala yoterera, akuthamanga pang'onopang'ono chifukwa ukaima katundu amalemera. Pambuyo pake kudamangidwa chingwe chachitsulo chotsitsira matabwa kuchokera ku Chambe, ndipo njira yotsata chingwecho ndi imene mpaka lero mumaitchula kuti Skyline. Lamulo linkati azicheka mitengo yakufa yokha. Koma mtengo umatha kuphedwa: ukausenda khungwa kuzungulira, kapena ukauyatsira moto patsinde, chaka chamawa ndi wakufa ndipo chilolezo chikuuloleza. Bala la phiri lidayambira pamenepo.

Kumunsi nako kudabwera nkhani ya malimidwe, m'zaka za m'ma 1950. Alangizi a boma ankayenda ndi zingwe ndi zikhomo, kulamula kuti aliyense asiye matutu, alime mizere yopingasa, aunde migula, asalime m'mbali mwa mtsinje. Wokana ankalipitsidwa, ena kumangidwa, ena kuwazulira mbewu. Anthu adadana nazo kwambiri, moti andale olimbana ndi chitaganya adapeza poyambira, ndipo kudali amene ankagumula migula usiku posonyeza kuti sakugonja. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti malangizowo adali oona. Mizere yopingasa imagwiradi nthaka. Koma poti idabwera ndi chikoti, anthu adaiona ngati ya mzungu, ndipo kusamala nthaka kudatenga dzina loipa limene lidatenga zaka kuti lichoke.

Kuti mudziwe kuti anthu a kuno si aulesi pa za madzi, funsani za mipopi. M'zaka za m'ma 1970 kudabwera ntchito yotenga madzi m'phiri kudzera m'mapaipi, opanda injini, madzi akungotsika okha. Boma lidabweretsa mapaipi ndi amisiri, ife tidapereka manja. Mudzi uliwonse unkapatsidwa chigawo chake ndi tsiku lake, amfumu n'kuimika ndodo yoyezera kuya kwa ngalande, amuna ndi akazi kukumba kuyambira kumapazi a phiri mpaka kuchigwa cha Phalombe kumene anthu ankamwa madzi amchere a m'zitsime. Palibe adalandira tambala. Tsiku limene madzi adatuluka pampopi woyamba m'mudzi mwathu, amayi adalulutira mpaka mawu kutha, ndipo nkhalamba ina idakana kumwa kufikira itafunsa ngati eni phiri adapemphedwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limenelo tidalisenza. Koma tidaiwala kufunsa kuti kumene paipi ikuyambira, akuyang'anira ndani.

Mu 1984 Kamuzu adalengeza kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko la Malawi. Ulemuwo udafika pamodzi ndi mavuto. M'zaka zomwezo kudagwa tizilombo tonga nsabwe za m'masamba timene tinkayamwa mkungudza mpaka kufiira. Nkhondo ya ku Mozambique idathamangitsira kuno abale athu ambirimbiri, ndipo onsewo ankafuna nkhuni ndi mitengo yomangira, monga ifenso tinkafunira. Minda idayamba kukwera phiri chaka ndi chaka. Ndiye pa 10 Malichi 1991, mvula itagwa masiku osalekeza, phiri la Michesi lidang'ambika. Madzi, matope ndi miyala yaikulu kuposa nyumba zidatsikira pa Phalombe, kukokolola midzi, masitolo, milatho ndi anthu mazanamazana, ambiri osapezeka n'komwe. Akuluakulu adati Napolo wadutsa, njoka ija imene imasamuka kuphiri kupita kunyanja, monga idachitira ku Zomba mu 1946. Tidapita kukathandiza kufukula, ndipo zimene tidaona sindizinena pano pali ana. Miyala ija ikadalipo m'minda ya anthu, mukadzadutsa mudzaione.

Matipate atabwera mu 1994, ena adamva ngati ufulu ndi kuchita chilichonse. Mantha a mizimu adali atazilala, mantha a boma nawo adatha, ndipo m'malo mwake simudalowe kanthu. Njinga za makala zidayamba kundandalika usiku pa msewu wa ku Limbe. Anyamata osaka mbira ndi akalulu ankayatsa tchire mu Seputembala, moto n'kuyaka sabata yathunthu, usiku tikuuona ukuyenda m'mapiri. Ogwira ntchito za nkhalango adali ochepa, opanda galimoto, opanda ngakhale nsapato zokwerera.

M'nyengo imeneyo ndi mmene anthu ena okonda phirili, Amalawi ndi alendo omwe, adagwirizana zoyambitsa bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, limene lidayamba ntchito zaka za m'ma 2000 zikungoyamba, nthawi yomwe bungwe la UNESCO lidaika Mulanje m'gulu la malo ofunika kutetezedwa chifukwa cha zachilengedwe zake. Mumvetse bwino apa, chifukwa ambiri amasokoneza. Bungweli si boma, ndipo phiri si lake. Mwini ulamuliro ndi Dipatimenti ya Zankhalango. Silichita malonda ofuna phindu. Lidalandira thumba la ndalama zoposa madola 5 miliyoni kuchokera ku Global Environment Facility kudzera ku World Bank, ndi pangano lakuti thumbalo lisadyedwe koma lisungidwe kuti lizibereka, ntchito n'kumayendera phindu lakelo chaka ndi chaka. Pambuyo pake maiko ngati Norway ndi America adathandizaponso. Nzeru imeneyi ine ndidaikonda, chifukwa tidaona mabungwe ambiri obwera ndi zikwangwani, kukhala zaka zitatu, ndalama kutha, iwo n'kupita. Phiri silisamalidwa ndi zaka zitatu.

Ntchito yawo yaikulu ndi yosaoneka kwa munthu wodutsa pamsewu. Mvula ikangotha, udzu usadaumitsitse, amalemba anthu a m'midzi yozungulira kukalambula njira zotchinga moto. Mwana wa mchemwali wanga wakhala akupitako. Amanyamuka ndi khasu, chikwanje, ufa ndi bulangete, kukagona pamwamba m'chisanu cha Juni, ntchito yake kupala udzu mpaka dothi kuonekera, mzere wotambalala wokhotakhota kuzungulira nkhalango, kukwera zitunda ndi kutsika makhwawa, makilomita mazanamazana phiri lonse likaphatikizidwa. Chaka chamawa udzu wameranso, ayambirenso. M'chilimwe ena amakhala pa zitunda kuyang'ana utsi, ukaoneka n'kuthamangira ndi nthambi zaziwisi kukauphwanya. Amabwera manja atachita matuza, milomo itang'ambika ndi mphepo, koma ndalama ya feteleza ali nayo, ndipo waipeza poteteza mtengo pamene agogo ake ankaipeza poudula.

A bungweli adalimbananso ndi paini. Atsamunda adabzala paini wochokera ku Mexico pa Chambe ndi malo ena kuti apeze matabwa ofulumira, koma mbewu zake zidauluka ndi mphepo n'kumera paliponse, kupondereza zomera za eni dziko. Pansi pa paini sipamera kanthu, ndipo masamba ake ouma ndi chakudya cha moto. Bungweli lidalemba magulu odula ndi kuzula mitengoyi, ntchito ya zaka zambiri, ndipo kudali anthu amene adadabwa kuti osamala nkhalango akugwetsanso mitengo. Safunsa adadya phula. Amene adafunsa adauzidwa chifukwa chake.

Tsono pali mawu amene ndiyenera kunena ngakhale ndi owawa. Bungweli lilipo, mkungudza udathabe. Akatswiri atayendera phiri lonse mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu yamoyo 7 yokha, ndipo nayonso sidakhalitse. Mtengo wa fuko, umene udaima pamenepo makolo athu asadawoloke Ruo, udatha ife tikuona. Ena amaloza chala bungwe, ndipo sindingawaletse, pakuti amene wavomera kulera mwana amafunsidwa mwanayo akadwala. Koma bungwe lilibe mphamvu yomanga munthu kapena kuweruza mlandu. Ocheka ankakwera m'magulu, atanyamula zikwanje, okonzeka kumenyana. Ogwidwa ankalipira chindapusa chochepa kuposa mtengo wa thabwa limodzi, mawa lake n'kubwereranso. Ndipo mnyamata wosenza thabwa usiku si amene ankalemera. Ankalemera ndi mwini lole yoima kumunsi, ndi amene ankatsegula njira kuti loleyo idutse, ndi bwana wa m'tauni wofuna denga lonunkhira. Mayi wa mtolo wa nkhuni ankathamangitsidwa, lole ikudutsa. Zimenezi anthu a m'midzi adaziona, ndipo zidawafooketsa kuposa njala.

Chimene chidandibweza mtima ndi nazale. Kuyambira mu 2016 bungweli, pamodzi ndi akatswiri a kafukufuku wa zankhalango a ku Zomba ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International la ku Britain, lidakhazikitsa nazale khumi m'midzi yozungulira phiri. Mbewu zidachokera ku mikungudza imene idabzalidwa kale ku phiri la Zomba ndi ku Chikangawa. Mwana wotumizidwa kutali ndi amene adadzapulumutsa mtundu. Ndidakhalapo pa nazale ina tsiku lonse kuonerera. Amayi atakhala pansi miyendo tambalale, akusefa dothi lakuda losakaniza ndi mchenga, kuthira m'timachubu, kugogoda pansi kuti likhazikike, kundandalika m'mizere pansi pa chisakasa cha udzu. Kambewu kake n'kakang'ono, kakuda, kokhala ndi timapiko. Kakamera kamatuluka ndi timasamba tofewa tobiriwira motuwira, ndipo mayi wina adandiuza kuti, "Agogo, kameneka n'kosachedwa kukwiya, madzi akachuluka kafa, akachepa kafa." Amathirira m'mawa ndi madzulo miyezi yambiri, bungwe n'kudzagula mbandezo, ndalama n'kulowa m'mudzi: fizi, malata, mbuzi. Mvula ikagwa, mbande zimakwera phiri pamutu, m'mabeseni ndi m'madengu, m'njira zomwe zija matabwa ankatsikira. Mbande zoposa 500,000 zidabzalidwa m'zaka zochepa. Zambiri zidafa ndi moto, chisanu ndi dzuwa, osabisa, koma zilipo zimene zapitirira kale msinkhu wa munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mkungudza ndi mtengo woti wobzala sadzaucheka.

A bungweli adazindikiranso kuti munthu wanjala sungamuuze kuti asiye nkhwangwa popanda kumupatsa china chogwira. Ndiye kudabwera ming'oma ya njuchi yopachika m'nkhalango ya m'munsi, poti mwini mng'oma ndiye woyamba kuthamangira moto ukabuka. Kudabwera maiwe a nsomba, mbaula zosatha nkhuni, mitengo ya zipatso, timagulu ta ana asukulu tophunzira za chilengedwe, ndi mapangano oti midzi iziyang'anira zigawo za nkhalango pamodzi ndi boma, kutolamo nkhuni zouma, bowa ndi udzu mwadongosolo. Mapangano ena adayenda, ena adafera m'mabuku a komiti. Ku Bondo, madzi a Lichenya adayamba kupukusa makina a magetsi kudzera ku kampani ya MEGA imene bungweli lidathandiza kukhazikitsa, ndipo chipatala chaching'ono cha kumeneko, kumene amayi ankachira ndi kandulo, chidawala. Munthu wa ku Bondo safunanso kumuuza kuti mtsinje ukaphwa mu Okutobala vuto n'chiyani. Amaliona pa babu la m'nyumba mwake. Ndipo mu Julayi mukamapita kukaonerera mpikisano wa Porters Race, anyamata ndi atsikana akuthamanga kuchoka ku Likhubula kukwera Chambe, kudutsa Lichenya n'kutsikanso, dziwani kuti ambiri a iwo ndi zidzukulu za osenza matabwa, ndipo lero amadya poperekeza alendo okaona phiri.

Za namondwe Freddy simufuna kuuzidwa, mudaziona nokha mu Malichi 2023, ku Nkhulambe, ku Muloza, ku Chiradzulu mpaka ku Chilobwe. Sindinganame kuti mitengo ikadaletsa zonse, chifukwa mvula ija idagumula ndi malo amene nkhalango idali yosakhudzidwa. Koma yendani m'mbali mwa mitsinje muone kumene gombe lidali ndi nsungwi, bango ndi mikuyu, muyerekeze ndi kumene tidalima mpaka m'madzi. Madzi saiwala khwawa, ndipo ife tidamanga ndi kulima m'makhwawa mwake. Mapaipi ambiri amene tidakumbira aja adakokoloka pa magwero pake, midzi n'kubwerera kukatunga kumtsinje.

Mu 2025 UNESCO idalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, kutsatira Nyanja ya Malawi ndi Chongoni, ndipo chifukwa chachikulu chidali miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe zokhudza phirili, zomwe zija ena ankati n'zachikunja. Ndidakondwa, ngakhale ndikudziwa kuti kaundula sazimitsa moto, ndiponso kuti alipo amene maso awo akadali pa miyala ya bauxite ili pansi pa udzu wa ku Lichenya, kumene mitsinje yathu imayambira.

Kuyambira mu 2019 madzi a Likhubula akuyenda m'mapaipi kupita ku Nguludi, kumene amayeretsedwa n'kutumizidwa mbali ya Limbe ndi madera oyandikana nawo, ntchito yokonzedwa kuti izipereka malita 20 miliyoni pa tsiku. Pamene inkayamba, anthu a kuno adadandaula kuti mitengo ibzalidwe kaye madzi asadatengedwe, ndipo dandaulo limenelo likadali ndi mutu. Choncho inu ana anga a m'tauni, amene mumatsegula mpopi m'mawa, nkhaniyi ndi yanunso. Wina akakutsatsani thabwa kapena kabokosi ka mkungudza, mufunseni kumene wautenga, ndipo akachita chibwibwi musagule. Inu otsala kumudzi, siyani mikono ingapo m'mbali mwa mtsinje osalima, ndipo mwana wanu akatenga machesi kupita kosaka mbira, mulandeni. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Mukabwera ku tchuthi cha Khirisimasi, musathere pa Dziwe la Nkhalamba pokha. Kafunseni ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula kapena ku bungweli pa boma kuti mbande zikukwera liti, mukasenzeko beseni limodzi. Miyendo yanga ine idatha, yanu ikadali yolimba.